Kuwerenga Nkhope ya Mlatho: Ulendo wa ku Phalombe

Munthu wofuna kudziwa kufunika kwake kwa mlatho apite ku Phalombe. Boma limeneli, limene linapatulidwa kuchokera ku Mulanje m'chaka cha 1998, lagona pakati pa phiri ndi nyanja. Kummwera kwake kwaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa italika mamita 3,002, ndipo pambali pake pali mng'ono wake, phiri la Michesi. Kumpoto kuli chigwa chosalala chimene chitsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. Madzi amene mitambo ikhuthula mbali ino ya mapiri alibe njira ina yotsikira koma kudzera m'midzi ndi m'minda ya anthu. Motero mitsinje ya Phalombe, Sombani ndi Likulezi, pamodzi ndi timakwawa tambirimbiri todziwika kwa eni mudzi okha, yadula dziko limeneli m'zigawozigawo, monga mayi adulira chigumu pogawira ana ake.

M'mwezi wa Okutobala mitsinje imeneyi ndi yofatsa, ndipo ina mwana angathe kuiwoloka osanyowa ndi mawondo omwe. Koma kuyambira Januwale mpaka Malichi imasanduka zilombo. Pa nyengo imeneyo anthu oposa 400,000, monga anawerengedwa pa kalembera wa 2018, amadalira milatho kuti mwana afike kusukulu, mayi woyembekezera afike kuchipatala, nandolo afike pamsika, ndi abale akaikane maliro kutsidya. Tsono tiyeni, awerengi okondedwa, tiyende limodzi m'boma limeneli, osati kukaona mapiri monga achitira alendo, koma kukaona milatho. Pakuti mlatho umene ugwa usiku umodzi wa chigumula kawirikawiri umakhala utayamba kudwala zaka zambiri zapitazo, ndipo matenda ake amalembedwa poyera pa khungu lake kwa iye amene adziwa kuwerenga.

Kuchokera pa Chitakale

Ulendo wathu uyambira pa Chitakale, pafupi ndi boma la Mulanje, pamene msewu upatuka kusiya minda ya tiyi ndi kuloza kumpoto, phiri lili kudzanja lamanja. Tidutsa pa Likhubula, pamene anthu okwera phiri ayambira ulendo wawo, ndipo tipitirira m'tsinde mwa phirilo kulinga ku Phalombe. Uwu ndi mbali ya msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi Phalombe, wotalika makilomita ngati 100, umene ntchito youika phula inatenga zaka zoposa khumi. Akuluakulu akumbukira bwino momwe unalili kale: fumbi lofika m'mano nthawi ya chilimwe, ndi matope omeza magudumu nthawi ya dzinja. Lero minibasi ithamanga, ndipo wokwera angathe kuwoloka mitsinje isanu osazindikira kuti wawoloka kanthu.

Apa ndi pamene pagona vuto. Mlatho wabwino umaiwalika. Munthu amaukumbukira tsiku lokhalo limene waupeza palibe. Ndipo ngakhale amene amauyang'ana, amangoona pamwamba pake poyenda magalimoto, chonsecho moyo wa mlatho uli kunsi. Chifukwa chake titsike m'galimoto, titsetsereke m'mbali mwa msewu popeza madzi aphwa, tikaime pamchenga ndi kukweza maso.

Tikatero tiona kuti mlatho uli ndi ziwalo monga thupi. Pali denga loyendapo, limene lagona pa mitanda ikuluikulu. Mitandayo yatsamira pa zipilala zoima m'madzi ndi pa makoma awiri a kugombe, amene agwiranso dothi la msewu kuti lisagumukire mumtsinje. Pakati pa mtanda ndi chipilala pamakhala kamtsamiro ka mphira kapena ka chitsulo, kolola mlatho kufutukuka dzuwa likatentha ndi kubwerera kukazizira. Palinso timabowo totulutsa madzi a mvula padenga, ndi tina m'makoma totulutsa madzi a m'nthaka. Chiwalo chilichonse chili ndi matenda akeake, ndi zizindikiro zakezake.

Momwe konkire ikalambira

Ambiri a ife timaganiza kuti konkire ndi mwala wosatha. Si choncho ayi. Konkire ndi yolimba kwambiri pamene chinthu chikuipsinja, koma ndi yofooka pamene chikuikoka kapena kuipinda. N'chifukwa chake amisiri amaika zitsulo m'kati mwake, kuti zitsulozo zisenze kukokako. Ziwirizi zimasungana monga banja: chitsulo chipatsa konkire mphamvu, ndipo konkire ibisa chitsulo kuti dzimbiri lisachione. Laimu amene ali mu simenti ndiye amateteza chitsulocho, ndipo pa milatho amisiri amasiya chikuto cha konkire chochindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu pakati pa chitsulo ndi kunja.

Koma mpweya umene tipumawu uli ndi gawo lina, lomwe lija limatuluka m'moto ndi m'mapapo mwathu, limene limalowa mu konkire pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndi kufooketsa mphamvu ya laimu. Likafika pamene pali chitsulo, ndipo madzi nawonso n'kupeza polowera, dzimbiri limayamba. Tsono dzimbiri lili ndi khalidwe loipa ili: limatupa, ndi kufuna malo oposa kangapo malo a chitsulo chimene ladya. Potupapo limakankha konkire kuchokera m'kati, mpaka khungu ling'aluka, kenaka n'kusendeka ndi kugwa. Chitsulo chikakhala pambalambanda, dzimbiri lichita changu koposa, chitsulo chiwonda, ndipo mlatho utaya mphamvu ngakhale pamwamba pake pakuoneka posalala.

Zonsezi zimasiya zizindikiro zooneka ndi maso. Choyamba ndi mizere yofiirira, ngati ya tiyi wotayikira pansalu, yotsika m'mitanda kapena m'zipilala. Imeneyo ndi misozi ya chitsulo chodyedwa. Chachiwiri ndi zoyerayera ngati mchere kunsi kwa denga, zimene nthawi zina zimalendewera ngati timano. Izo zikutiuza kuti madzi akudutsa m'kati mwa konkire ndi kutsuka laimu wake. Chachitatu ndi ndere zobiriwira pamalo amene sayenera kunyowa, umboni wakuti timabowo ta madzi tatsekeka ndi dothi. Chachinayi ndi kamtengo komera m'mphako ya khoma, makamaka kachere kapena mkuyu, kamene mizu yake ing'amba mwala mosafulumira koma mosalephera.

Ming'alu ndiyo ifunika kudekha kwenikweni, pakuti si yonse imene ili yoopsa. Ming'alu ing'onoing'ono yolukanalukana ngati nthaka ya dambo louma kawirikawiri imabwera pamene konkire inali kuuma, ndipo imathera pakhungu pomwepo. Mng'alu woyenda molunjika motsata chitsulo, uli ndi dzimbiri m'mbali, ukunena za kutupa kwa m'kati. Ming'alu yokwera kuchokera kunsi pakati pa mtanda ikunena kuti mtandawo ukupindika ndi katundu. Koma mng'alu wopendekeka pafupi ndi pamene mtanda watsamira pa chipilala ndiwo umene mainjiniya amauopa koposa, chifukwa mtanda wotere ungathe kuthyoka mosachenjeza. M'maiko ambiri akatswiri amayamba kuda nkhawa mng'alu ukaposa mamilimita 0.3 m'lifupi, ndiko kunena kuchindikala kwa mapepala atatu a m'kope la mwana wa sukulu. Taonani kuchepa kwake kwa chinthu chimene chimasunga moyo wa anthu!

Funso lalikulu pa mng'alu uliwonse ndi lakuti: kodi waima kapena ukuyenda? Funso limeneli silingayankhidwe pa ulendo umodzi. Woyendera milatho amalemba kachizindikiro pamene mng'alu wathera, ndi tsiku lake pambali, kapena amamata kagalasi kopyapyala mopingasa mng'aluwo. Akadzabweranso n'kupeza kagalasi kathyoka, adziwa kuti chilonda chikukula. Amagogodanso konkire ndi kanyundo, monga momwe amayi agogodera mbiya pamsika asanaigule: yabwino imalira mokoma, yosendeka m'kati imalira ngati chigubu. Akatswiri ali ndi zida zinanso. Pali nyundo ya Schmidt, imene imayesa kulimba kwa khungu la konkire. Pali mankhwala otchedwa phenolphthalein, amene akathiridwa pa konkire yongobooledwa kumene amafiira pamene laimu akadali ndi mphamvu, koma osasintha mtundu pamene mpweya uja walowa kale. Masiku ano amatumizanso tindege tating'ono ta drone kukajambula malo amene munthu sangafikeko. Koma zida zonsezi ndi zopanda pake ngati palibe wobwera kawirikawiri ndi kulemba zimene waona.

Mdani wa kumapazi

Tisanakwere kubwerera kumsewu, tiyeni titsitse maso. Padziko lonse lapansi, chimene chagwetsa milatho yambiri yowoloka mitsinje si dzimbiri kapena kulemera kwa malole, koma madzi ofukula pansi pa zipilala. Madzi othamanga akagunda chipilala amazungulira ngati kamvuluvulu ndi kukumba dzenje patsinde pake. Kuipa kwake kwa mdani ameneyu n'kwakuti amafufuta mapazi ake: chigumula chikamaphwa, mchenga wofewa umabwerera n'kukwirira dzenjelo, ndipo wodutsa m'chilimwe angaganize kuti zonse zili bwino. Mchenga wotere sungagwire kanthu, ndipo chigumula chotsatira chimauchotsa m'kanthawi kochepa n'kupitiriza pamene chinzake chinalekezera. Ku America, m'mwezi wa Epulo 1987, mlatho wa pa mtsinje wa Schoharie m'chigawo cha New York unagwa mwa njira imeneyi n'kupha anthu 10, ngakhale unali pa msewu waukulu wa dziko lolemera.

Komabe ngakhale mdani wobisalayu amasiya zizindikiro. Ngati phazi la chipilala, limene amisiri analikwirira, layamba kuonekera, mtsinje watsika. Ngati miyala yomangidwa m'mawaya yotchinjiriza gombe yaphwasuka kapena yapendama, madzi alowa kumbuyo kwake. Ngati galimoto idumpha polowa pa mlatho, kapena phula lang'aluka mopingasa msewu pamene mlatho uyambira, dothi la kumbuyo kwa khoma likuthawa. Ngati chitsulo cha m'mbali chogwira oyenda pansi, chimene chinali chowongoka, chayamba kupindika pamalo amodzi, mwina chipilala china chatitimira. Ndipo ngati mtsinje wasiya njira yake yakale n'kuyamba kudya gombe limodzi kumtunda kwa mlatho, tsiku lina udzaulambalala, n'kuusiya uli chiimire pakati pa madzi ngati chilumba.

Pano tiyenera kunena zoona ngakhale ziwawe: nthawi zambiri mdaniyu timamuthandiza ndife. Pansi pa mlatho ndi pamene ngolo ndi malole zimafika mosavuta, motero ndi pamene timakonda kukumba mchenga womangira nyumba, osadziwa kuti tikufukula maziko. Timalima madimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, titazula bango ndi nsenjere zimene zinkagwira gombe. Timadula mitengo m'phiri, ndipo madzi amene kale ankatsika mwaulemu tsopano amatsika onse nthawi imodzi, atasenza zitsa, nthambi ndi mapesi. Zinyalala zimenezi zikakodwa pa zipilala zimatseka njira, mlatho usanduka damu, ndipo madzi amaukankha ndi mphamvu imene sunamangidwire.

Ku Migowi ndi njira za kunyanja

Tikapitirira boma la Phalombe tifika pa Migowi, malo a malonda odzaza ndi njinga zakabaza, matumba a nandolo ndi mpendadzuwa, ndi madengu a matemba ochokera ku Chilwa. Kufupi ndi kuno ndi kumene kunamangidwa chipatala chachikulu cha boma, chothandizana ndi chipatala cha mishoni cha Holy Family chimene chatumikira anthu a dera lino kwa zaka zambiri. Koma odwala ndi katundu safika pano ndi msewu wa phula wokha. Amachokera kutali m'madera a mafumu monga Jenala, Chiwalo, Kaduya, Nazombe ndi Mkhumba, pa misewu yafumbi yodutsa m'madambo, ndipo kumeneko milatho ndi ya mtundu wina: makalavati, timilatho ta matabwa ogona pa mitanda ya chitsulo kapena ya bulugama, ndi malo owolokera a konkire amene madzi amayenda pamwamba pake mtsinje ukadzaza.

M'misewu ya m'midzi ya dziko lathu mumapezekanso milatho ya zitsulo zolumikiza yotchedwa Bailey, potengera dzina la Mngelezi Donald Bailey amene anaikonza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali azitha kuimanga m'masiku ochepa. Unakonzedwa ngati mlatho wongoyembekezera, koma kwathu kuno umakhala zaka makumi. Mphamvu yake yonse ili pa mapini ndi mabawuti olumikiza zigawo zake. Munthu wochotsa bawuti imodzi kuti akakonzere ngolo amaona ngati watola kanthu kakang'ono, koma wasolola ulusi umene wagwira chovala chonse.

Milatho ya mtundu umenewu ndiyo yosavuta kuiwerenga. Thabwa lakuda, lofewa, limene nsonga ya mpeni ilowa mosavuta, laola. Timizere ta dothi tokwera pa mtanda ndi njira za chiswe, ndipo mtanda wotere ungaoneke wamphumphu kunja uli gwagwa m'kati. Thabwa lolira ndi kugwedera njinga ikadutsa lataya misomali. Pa zitsulo, penti wotukusira ndi dzimbiri losendeka ngati makwa a mtengo zipezeka makamaka pamene dothi launjikana n'kusunga chinyezi. Kalavati amene kamwa lake ladzaza mchenga mpaka theka wataya theka la ntchito yake. Zambiri mwa izi mankhwala ake ndi khasu, tsache, chitini cha penti ndi matabwa awiri. Koma zikalekereredwa, mtengo wake udzakhala mlatho wonse, mwinanso moyo wa munthu.

Kudzera pa mpata wa Fort Lister

Tsopano tibwerere ku boma ndi kukwera njira yopita kum'mawa, yodutsa pampata pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mpata umenewu unali njira ya ogula akapolo popita kunyanja yamchere, ndipo pofuna kuitseka Angelezi anamangapo linga la Fort Lister m'chaka cha 1893. Woyenda pano amaona miyala ikuluikulu, ina yofanana ndi nkhokwe, ina ndi nyumba, ili mbwee m'minda ndi m'makwawa kutali ndi phiri. Sinamere pamenepo, inabwera ndi madzi.

M'mwezi wa Malichi 1991, mvula itagwa kwa masiku angapo, mbali zina za phiri la Michesi zinagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsikira pa Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, midzi inafafanizika, misewu ndi milatho inapita. Makolo amati kwadutsa Napolo, dzina lomwe lija anatchula anthu a ku Zomba pamene madzi a m'phiri anawononga tauni yawo m'mwezi wa Disembala 1946. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo wa Malichi, m'chaka cha 2023, kunabwera namondwe wa Freddy, amene anakhala masiku 36 asanathe mphamvu, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Ku Nkhulambe, kumene njira yathu itsikira tikatha mpatawu, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yochuluka kuposa imene madera ambiri a Malawi amalandira chaka chathunthu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Dera la Nkhulambe linadulidwa kumbali zonse, chipatala chake chaching'ono chinawonongeka, ndipo kwa masiku ambiri thandizo linkafika ndi ndege za helikopita kapena pamitu ya anthu oyenda pansi.

Tisanamizane: palibe kuyendera kumene kukadaimitsa mwala waukulu ngati nyumba wogubuduzika kuchokera m'phiri. Milatho ina inagwa popanda wolakwa. Koma pa mlatho umodzi wokokoloka pamakhala ina ingapo imene yatsala chiimire ili ndi mabala: chikuto cha konkire chasendedwa ndi miyala, zitsulo zili poyera, mapazi afukulidwa, mitanda yasuntha pa mitsamiro yake. Anthu amakondwa kuti mlatho wapulumuka, magalimoto ayambanso kudutsa, ndipo mabalawo amaiwalika. Tsono kumbukirani kuti Freddy sanabwere yekha. Kunali madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Mlatho wa m'dera lino umalandira nkhonya yatsopano bala lakale lisanapole. N'chifukwa chake akatswiri amati mlatho uyenera kuyenderedwa osati pa nthawi zoikika zokha, komanso pakutha pa chigumula chachikulu chilichonse.

Chaona mnzako

Maiko ena anaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 15 Disembala 1967, mlatho wotchedwa Silver Bridge, wowoloka mtsinje wa Ohio ku America, unagwa madzulo uli wodzaza magalimoto, ndipo anthu 46 anafa. Ofufuza anapeza kuti chiyambi chake chinali kamng'alu kozama mamilimita osakwana atatu m'chitsulo chimodzi chokha. Ngozi imeneyi ndiyo inabala malamulo a 1971 olamula kuti milatho ya m'misewu ikuluikulu ya dzikolo iziyenderedwa kosachepera kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndi kuti mlatho uliwonse ukhale ndi mbiri yake yolembedwa. Ku Genoa, m'dziko la Italy, mlatho wa Morandi unagwa pa 14 Ogasiti 2018 n'kupha anthu 43. Zingwe zake zachitsulo, zokutidwa m'konkire, zinali zitadyedwa ndi dzimbiri.

Nkhani ziwirizi zitiphunzitsanso kudzichepetsa. Kamng'alu ka Silver Bridge kanali pamalo obisika, ndipo dzimbiri la ku Genoa linali m'kati. Khungu silinena zonse, monganso nkhope ya munthu siulula matenda onse a m'mimba. Diso la munthu wamba silingalowe m'malo mwa injiniya ndi zida zake. Koma injiniya mmodzi ali ndi milatho yambiri, pamene mlatho uliwonse uli ndi anthu mazana owoloka tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nzeru ndi kuphunzira pa maliro a kwa eni tisanalire athu.

Gawo lathu

Misewu ikuluikulu ya dziko lino ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo yambiri ya m'midzi ili m'manja mwa khonsolo ya boma. Iwo ndiwo ali ndi udindo woyesa ndi kukonza. Koma maso oyamba ndi athu, ndipo ntchito yake siifuna ndalama zambiri.

Mudzi uliwonse wokhala pafupi ndi mlatho ungathe kusunga kope limodzi la mlathowo, m'manja mwa komiti ya chitukuko. Kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Meyi madzi ataphwa, anthu atatu kapena anayi apite kukauona pamwamba ndi pansi, alembe tsiku ndi zimene apeza. Inu achinyamata amene muli ndi mafoni ojambula, nayi ntchito yokuyenerani: jambulani mng'alu womwewo, mutaima pamalo omwewo, mutaika rula kapena ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kudziwike. Yesani ndi ndodo kuchokera pa denga kufika pamchenga pafupi ndi chipilala chilichonse, ndipo mulembe. Chithunzi chimodzi chinena zochepa, koma zithunzi zinayi za zaka ziwiri ndi umboni umene ofesi iliyonse iyenera kuumvera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene mwapeza zipite kwa a mfumu, ku komiti ya chitukuko ya dera, kwa khansala, ndi ku ofesi yoona za misewu ku khonsolo, ndipo zipite molembedwa, mutasunga kalata inzake. Zimene manja athu angathe, tichite: kutsegula timabowo ta madzi, kuchotsa zitsa zokodwa pa zipilala, kufukula makalavati, kuzula timitengo tomera m'makoma tikadali tanthete, kubzala bango, nsungwi ndi udzu wa vetiva m'magombe, ndi kugwirizana kuti mchenga usakumbidwe pafupi ndi mlatho. Koma pali zinanso zimene sitiyenera kuchita. Tisamate mng'alu ndi simenti kuti pakongole, pakuti kutero ndi kuphimba chilonda dokotala asanachione. Tisagobe konkire pofuna kuona za m'kati. Ndipo makolo anzanga, mwana asalowe pansi pa mlatho yekha, ndiponso munthu aliyense asalowepo nthawi ya dzinja, chifukwa kuno madzi amatha kufika dzuwa likuwala, mvula itagwa kuphiri kokha. Mukaona kuti mlatho watitimira, wapendama, kapena khoma lake lasiyana ndi msewu, musayembekeze Okutobala: imitsani anthu ndi magalimoto, ndipo mukanene tsiku lomwelo.

Madzi saiwala khwawa. Kumene anadutsa mu 1991 ndi mu 2023 adzadutsanso, ngakhale sitidziwa chaka chake. Phiri sitingalisunthe, mvula sitingailamule. Koma chilimwe chilichonse mitsinje imaphwa n'kutipatsa miyezi ingapo yoti tione mabala a milatho yathu ndi kuwamanga. Tsono pamene muwoloka popita kumsika, kusukulu kapena kumapemphero, imani pang'ono, musuzumire kunsi, ndipo muonetse ana anu zimene mukuona. Mwana wophunzira lero kusiyanitsa mng'alu woima ndi woyenda ndiye adzasunge mudzi wake mawa, ndipo mwina pakati pa ana otere ndi pamene padzatuluke mainjiniya amene adzamangire Phalombe milatho yoposa imene tili nayo.